Beta-2 adrenergic receptor

Iyi ndi puloteni yopezeka pa khungu la maselo ambiri a m'thupi, makamaka m'minofu yozungulira njira za mpweya m'mapapo. Ntchito yake ndi kulandira uthenga wa adrenaline kunja kwa selo n'kuufikitsa mkati. Ili m'gulu la mapuloteni otchedwa GPCR, omwe m'thupi la munthu alipo mitundu pafupifupi 800.

Puloteniyi imaboola khungu la selo kasanu ndi kawiri, kulowa ndi kutuluka ngati ulusi wosokera nsalu. Pakati pa zigawo zisanu ndi ziwirizo pali kadzenje koyang'ana kunja. Wodwala mphumu akapopera salbutamol m'kamwa, mankhwalawo amakakhala m'kadzenjeko, ndipo kamafinyika pang'ono chabe. Chochititsa chidwi n'chakuti kusuntha kochepaku kumakula kukafika mkati: chigawo chachisanu ndi chimodzi chimapendekera kunja, n'kusiya mpata woti puloteni ina ya mkati mwa selo, yotchedwa G protein, ilowemo. G protein imataya molekyu yotchedwa GDP n'kutenga ina yotchedwa GTP, selo imayamba kupanga molekyu yonyamula uthenga yotchedwa cAMP yambiri, minofu imamasuka, ndipo chifuwa chomwe chimalira ngati mluzu chimapeza mpweya pakangopita mphindi zochepa.

Mankhwala ena otchedwa propranolol amakhalanso m'kadzenje komweko koma satsegula mpata uja, amangotsekereza adrenaline. N'chifukwa chake ndi woopsa kwa odwala mphumu.

Mu 2011 gulu la Brian Kobilka wa ku Stanford linaonetsa maonekedwe a puloteniyi itagwirana ndi G protein, chigawo chachisanu ndi chimodzi chija chitasuntha ma angstrom (muyeso waung'ono kwambiri wa kutalika) pafupifupi 14. Mu 2012 Kobilka ndi Robert Lefkowitz analandira Mphoto ya Nobel ya Chemistry chifukwa cha kafukufuku wawo wa mapuloteni a GPCR.