Msasa

Msasa ndi pogona pongoyembekezera, pomangidwa mwachangu ndi mitengo, nthambi ndi udzu. Woumanga amadziwa kuti sakhalitsapo. Kale alenje ankamanga misasa akalowa m'thengo kwa masiku angapo, ndipo asodzi m'mbali mwa nyanja ndi ocheka matabwa m'nkhalango akumangabe mpaka lero. Timati kumanga msasa, ndipo pochoka timati kuphwasula.

Ena amausokoneza ndi chigono. Chigono ndi malo amene wapaulendo wagonapo usiku, kaya pali denga kaya palibe. Msasa umafuna kuti manja agwirepo ntchito.

Masiku ano kwa ena udzu walowedwa m'malo ndi tenti, koma dzina silinasinthe. Alendo okwera phiri la Zomba akakhoma matenti awo pafupi ndi mtsinje wa Mulunguzi, m'nkhalango ya boma, timati amanga msasa. Chimodzimodzi ku Chelinda, pa Nyika. Agogo angadabwe kumva kuti munthu wasiya bedi kunyumba n'kulipira ndalama kuti akagone pansi, koma mfundo zosankhira malo ndi zomwe zija za alenje: madzi akhale pafupi, nkhuni zipezeke, tenti ikhale pamtunda, chifukwa mtsinje wa m'phiri umatha kusefukira usiku ngakhale mvula itagwera kutali.

Pena liwuli limanyamula katundu wolemera kuposa msinkhu wake. Dzaleka, m'boma la Dowa, timaitchabe msasa wa anthu othawa kwawo, chonsecho inatsegulidwa mu 1994 ndipo ana obadwira kumeneko ali ndi ana awo tsopano.