Nsima Yacikasu: Mipingo ndi Alimi Pambuyo pa Cilala

Amai anga akaona mwana akutaya nkhoko za nsima sakalipa nthawi yaitali. Amangoti, "Iwe sunadye yelo." Yelo ameneyu ndi unga wacikasu umene unadzaza m'mapoto a muno m'Mukobeko mu 1992, ine ndikali wobelekedwa kumbuyo pa citenje. Ana amene ndimaphunzitsa mbiri amadziwa bwino za masankho a 1991, koma ndikawafunsa za njala imene inabwera miyezi yocepa pambuyo pake amangoyang'anana. Komabe njala imeneyo ili ndi funso limene latibwereranso posacedwapa: mvula ikakana, ndani amadzutsa mlimi?

Frederick Chiluba analumbira kukhala pulezidenti mu Novembala 1991, ndipo pa 29 Disembala analengeza kuti Zambia ndi dziko lacikhristu. Anthu anali atabzala kale. Mu Januwale ndi Febuluwale 1992, pamene cimanga cinali kufuna madzi kuti cimasule ngayaye ndi kubereka, kumwamba kunayera mbee. Minda ya ku Southern, Eastern, Lusaka, Western ndi mbali zina za Central Province inapsa iri ciimire. Cilalaco cinakuta cigawo conse ca kumwera kwa Africa, kotero panalibe mnansi wobwereka. Boma linaitanitsa cimanga kutsidya la nyanja, cambiri cacikasu cocokera ku America. Cina cinatsikira ku Dar es Salaam n'kubwera ndi TAZARA mpaka pa Kapiri Mposhi, pafupi ndi ife pano. Cina cinadzera kumadoko a kumwera.

Kufikitsa matumba pa sitesheni inali theka cabe la nchito. NAMBOARD, imene kale inali kugula ndi kusunga cimanga, inali itathetsedwa mu 1989, ndipo thumba la boma linali lobooka. Guy Scott, nduna ya zaulimi panthawiyo, ndi anzake anakonza zoti cakudya cisadzere m'manja mwa zipani. Panakhazikitsidwa Programme to Prevent Malnutrition, ndipo kugawa kwenikweni kunapatsidwa kwa mabungwe osakhala a boma pamodzi ndi mipingo.

Cifukwa cake n'cosavuta kumva. Kalaliki wa ku Lusaka sadziwa kuti m'mudzi wakutiwakuti mai wamasiye wosunga adzukulu asanu ndi uti. Katekisiti amadziwa. Mkulu wa mpingo amadziwa. Timagulu ta akhristu timene kuno ku Kabwe timati fitente timadziwa khomo lililonse limene utsi wasiya kufuka. Mishoni zinali ndi malole, zipatala, nyumba zosungiramo katundu ndi anthu odziwa kulemba maina. Cakudya cambiri cinaperekedwa mosinthana ndi nchito: kukonza miseu, kukumba zitsime, kufukula madamu. Sikuti zonse zinayenda mwacilungamo. Akuluakulu amakumbukirabe madandaulo akuti pena mndandanda unali kuyambira pa a mpingo wa wolembayo. Koma dziko linapulumuka imfa za unyinji zimene ambiri anali kuopa.

Apa m'pamene nkhani ya yelo imathera kwa anthu a m'tauni. Kwa mlimi inali itangoyamba. Thumba la cithandizo limatha pa mwezi. Munthu amene anadya mbeu yake mu Ogasiti, nagulitsa mbuzi mu Okutobala, ng'ombe zake n'kufa ndi denkete, mvula ya Novembala imamupeza ali manjamanja. Ngakhale igwe bwino motani, alibe cobzala. N'cifukwa cake nchito imene inamanganso midzi inali yosaoneka kwambiri pa zithunzi: kubweza mbeu m'manja mwa alimi, ndi kuwakumbutsa mapira, nyemba za khobwe, cinangwa ndi kandolo, zimene zaka za fetereza wochipa zinakankhira kumbali. Mvula itabwerera, zokolola za 1993 zinali zambiri.

Mipingo siinayambe zimenezi mu 1992. Tibwerere zaka pafupifupi 100 kumbuyo. Mu 1896 mliri wa rinderpest unadutsa m'dziko lino n'kupululutsa ng'ombe, ndipo Atonga a kumtunda, amene anali atavutika kale ndi nkhondo za Amandebele ndi Alozi, anatsala ndi makola ogwa. Mu 1905 wansembe wa Cijezwiti wocokera ku France, Joseph Moreau, anakhazikitsa mishoni ya Chikuni m'dziko la mfumu Monze. Caka comweco W. H. Anderson wa mpingo wa Adventist anayamba Rusangu capafupi pomwepo. Moreau amakumbukiridwa kwambiri cifukwa ca pulawo. Anaphunzitsa anyamata kumanga ng'ombe pa joko ndi kulima munda waukulu kuposa wa khasu. Njanji itafika pa Broken Hill mu 1906, misika ya cimanga inatseguka m'mbali mwake, ndipo pang'onopang'ono Atonga anasanduka alimi ogulitsa ochuka m'dziko lonse. Mwina nsima imene ogwira nchito mumgodi wa tauni yathu ino anali kudya inayambira pa phunziro la pa mishoni paja.

Koma mbiri siiimba nyimbo imodzi. Pulawo yemweyo, akamadutsa pa kuya kumodzimodzi caka ndi caka, amaumitsa nthaka ya pansi, madzi n'kumathamanga pamwamba osalowa. Cimanga cokhacokha ndi fetereza zinatopetsa minda. Zimene mbadwo umodzi wa amishoni unabweretsa ngati mankhwala, mbadwo wina unayenera kuzikonza. Ku Kasisi, kum'mawa kwa Lusaka, Ajezwiti anatsegula sukulu yophunzitsa alimi mu 1974, motsogozedwa ndi Brother Paul Desmarais wa ku Canada. Poyamba anali kuphunzitsa ulimi wa fetereza ndi mankhwala. Ca m'ma 1990 anatembenuka, ataona kuti alimi awo akumira m'nkhongole, n'kuyamba kuphunzitsa manyowa, kasinthasintha wa mbeu ndi mitengo yobwezera conde. Ku Zimbabwe, mlimi wina dzina lake Brian Oldreive anafalitsa kudzera m'mipingo njira yosagaula munda ndi yophimba nthaka ndi mapesi, imene inadziwika kuti Farming God's Way. Kuno kwathu, Conservation Farming Unit inayamba mu 1996 kuphunzitsa maenje okumbiratu cilimwe, amene amasunga madzi a mvula yoyamba. Zonsezi zinali kuyankha funso limene 1992 inasiya.

Mu 2002 njala inabweranso, ndipo mkangano unali pa mbeu yeniyeniyo. Cimanga ca cithandizo cinali ca GMO, ndipo Levy Mwanawasa anacikana. Kasisi ndi Jesuit Centre for Theological Reflection anali pakati pa amene anacenjeza kuti alimi akacibzala, mbeu zao zamakolo zingasokonezeke. Ena, m'dziko muno ndi kunja, anakwiya kwambiri: munthu wanjala mungamuuze bwanji za mbeu ya caka camawa? Ana anga m'kalasi amagawikana pakati ndikawapatsa nkhaniyi, ndipo sindiwakakamiza kugwirizana. Cimene ndimafuna aone n'cakuti ansembe aja sanali kuyang'ana munthu wa kumudzi ngati pakamwa pongodikira kudyetsedwa. Anali kumuona ngati mlimi amene adzabzalanso.

Inu nonse munalipo pa 29 Febuluwale 2024, pamene Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a cimanga, mwa 2.2 miliyoni amene anabzalidwa, anaonongeka, ndipo maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa. Madzi a ku Kariba atatsika tinawerenga ndi kandulo, malasha anakwera mtengo, ndipo ka pamela kanacepa m'manja. Ife a m'komboni timadziyesa kuti sitiri alimi. Koma cicokereni kutsekedwa kwa mgodi mu 1994, mabanja angati muno amene sadalira kamunda ka kunja kwa tauni, kapena thumba locokera kwa ambuya kumudzi?

Mtsikana wina wa m'kalasi langa anandifunsa caka cimeneco kuti, "Aticha, ngati ndife dziko lacikhristu, mvula yakaniranji?" Ndinamuuza kuti funso limenelo akafunse abusa. Limene mbiri ingayankhe ndi lina: mapemphero atatha, anthu opempherawo anacita ciani? Ena anagawa matumba n'kupita. Ena anatsalira mpaka mbeu inamera.

Sabata ikubwerayi, mbale ya copereka ikamadutsa, funsani akulu a mpingo wanu ngati pali ndalama imene imapita ku mbeu, ku citsime kapena ku maphunziro a alimi. Makolo anati kupatsa n'kuika. Amai anga mpaka lero amasunga cimanga ca makolo m'cigubu, cosakaniza ndi phulusa, pamwamba pa kabati. Ngakhale mu 2024, unga utafika pansi pa thumba, cigubu cija sanacitsegule.