Woweruza Devlin ndi Emejensi ya 1959

Anali yani?

Patrick Devlin anabadwa mu 1905 ndipo anakulira mumzinda wa Aberdeen ku Scotland, kwawo kwa mayi ake. Anaphunzira zamalamulo ku Cambridge, nakhala woweruza wa khoti lalikulu ku London mu 1948 ali ndi zaka 42 zokha. Dziko lino, lomwe panthawiyo linkatchedwa Nyasaland, sankalidziwa, ndipo sanali bwenzi la chipani cha Kongeresi. Timamukumbukira chifukwa boma la kwawo litamutuma kuno kudzafufuza, anabwerera ndi mawu oliyalutsa bomalo. Pamenepo mpamene woweruza amadziwikira, wolakwa akakhala yemwe wamutumayo.

Chimene anadzera

Pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa Robert Armitage analengeza Emejensi. Dr Kamuzu Banda anagwidwa m'bandakucha n'kutumizidwa kundende ya Gwelo ku Southern Rhodesia. Anthu oposa 1,000 anatsekeredwa osazengedwa mlandu, ndipo 51 anaphedwa, 20 mwa iwo padoko la Nkhata Bay. Boma linkati Kongeresi inapangana zopha azungu. Devlin ndi anzake atatu anayenda m'maboma kumva mboni, nakafika ku Southern Rhodesia komwe kukacheza ndi Kamuzu. Lipoti lawo linatuluka mu Julaye chaka chomwecho. Linati umboni wa chiwembu chopha azungu chija panalibe, kuti asilikali ndi apolisi anamenya anthu ndi kutentha nyumba mosatsata lamulo, ndiponso kuti pafupifupi aliyense kuno ankakana Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Linanenanso kuti Nyasaland yasanduka, kwa kanthawi, dziko lolamulidwa ndi apolisi, loti munthu sangayerekeze kuyankhulira Kongeresi poyera.

Otsutsa akuti chiyani?

Ena amati mzungu ndi mzungu basi, Devlin anaikira kumbuyo anzake. Pali chimene akunena, pakuti lipoti lomwelo linati Armitage anali ndi chifukwa cholengezera Emejensi, komanso kuti atsogoleri ena a Kongeresi anavomereza zachiwawa. Koma akanakhala wongokondweretsa mbali imodzi, ndani akanamukhulupirira? Popeza sanabise zolakwa za Kongeresi, zinali zovuta kumunena kuti akunamizira boma. Ena amati lipotilo linapita pachabe, chifukwa boma la Britain la Harold Macmillan linakana zambiri za m'menemo n'kutulutsa yankho la Armitage. Linakanadi pakamwa, koma taonani zimene linachita. Mu Okutobala nduna yoona za maiko a atsamunda inasinthidwa, analowa Iain Macleod, ndipo pa 1 Epulo 1960 Kamuzu anatulutsidwa. Boma lokhulupiriradi kuti munthu anakonza kupha azungu silikanamumasula n'kukhala naye pansi kukambirana za dziko. Ufulu anaumenyera ndi Amalawi eni ake, zimenezo n'zosakayikitsa, koma bodza lowatsekera nalo analiphwasula ndi Devlin.

Pambuyo pake

Devlin anakwezedwa mu 1961 kukhala mmodzi wa oweruza apamwamba kwambiri ku Britain. Anapuma pantchito mu 1964, chaka chimene ife tinalandira ufulu, ndipo anamwalira mu 1992. Chomvetsa chisoni n'chakuti zimene anadzudzula sizinapite ndi atsamunda. Anthu a ku Dowa ndi Ntchisi safunika kuuzidwa: m'nthawi ya chipani chimodzi, ku Dzaleka kunkatsekeredwa anthu osaonekera kukhoti, andale ndi a Mboni za Yehova omwe, ndipo wowatsekera anali yemwe uja anagona ku Gwelo. Mu 1969 milandu yakupha inaperekedwa kumakhoti a mafumu, kumene woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. Malo a Dzaleka anadzasanduka msasa wa anthu othawa kwawo mu 1994, chipani chimodzi chitatha.