Ndani Ankasekedwa? Nthabwala za pa Kanema ndi Ndale ku Highfield

Wolemba mbiri ya ndale za Zimbabwe sangalumphe Highfield. M'dera limeneli la mzinda wa Harare, m'nyumba ya Enos Nkala, ndimo mudabadwira chipani cha ZANU pa 8 Ogasiti 1963, ndipo pabwalo la Zimbabwe Grounds ndi pomwe namtindi wa anthu udalandirira Robert Mugabe pa 27 Januwale 1980. Komabe anthu okhwima pa ndale chotere adatha zaka zambiri osaonapo mtsogoleri wawo akusekedwa pa wailesi ya kanema ya dziko lawo.

Kanema adafika m'dzikoli mu 1960, ndipo boma la Ian Smith lidamusandutsa mlomo wake. Ufulu utabwera mu 1980, dzina lidasintha n'kukhala ZBC, koma chingwe chidatsalabe m'manja mwa olamula. Masewero oseketsa adalipo, okoma ndithu. Safirio Madzikatire, wodziwika kuti Mukadota, pamodzi ndi Susan Chenjerai monga Mai Rwizi, adaseketsa mabanja mpaka kugwira nthiti. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kudabwera Gringo wa Lazarus Boora. Koma chala cha nthabwala zawo chinkaloza mwamuna wachinyengo, mkazi wolongolola ndi wantchito wapakhomo wochenjeretsa, osati mwini mpando.

Kwa ife ophunzira zilankhulo, chofunika kuchiona ndi lilime lomwe linkasekedwa. Ku Highfield ndi ku Mbare kudakhazikika anthu ambiri ochokera ku Nyasaland, omwe ankanyozedwa ndi dzina loti mabhurandaya, kuchokera ku mawu oti Blantyre. Chishona chopotoka cha "achimwene" chidasanduka ndiwo ya nthabwala za m'tauni, ndipo palibe adamangidwapo chifukwa choseka mlendo. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ambiri mwa ana a anthu omwewa adapezeka kuti alibe dziko.

Kuseka wamkulu ndiko kudali koopsa. Lamulo la POSA la mu 2002 lidati kunyoza pulezidenti ndi mlandu, ndipo mu 2004 sewero la pabwalo la Super Patriots and Morons lidaletsedwa. Pa 11 Malichi 2007 apolisi adabalalitsa msonkhano wa mapemphero ku Highfield, Gift Tandare adawomberedwa n'kufa, Morgan Tsvangirai adamenyedwa, koma nkhani za boma zidaloza chala otsutsa. Anthu a m'derali adaona kutalikirana kwa zomwe maso awo adapenya ndi zomwe kanema adanena.

Mpata umenewu ndiwo udabala Zambezi News mu 2011. Samm Farai Monro ndi Tongai Makawa a gulu la Magamba Network adatengera kavalidwe, nkhope yosaseka ndi mawu otamanda boma a owerenga nkhani a ZBC, n'kuwakokomeza mpaka bodza lidaonekera lokha. Seweroli lidayenda pa ma DVD ndi pa intaneti, poti pa ZBC padalibe malo ake. Ndipo kugwa kwa Mugabe mu 2017 sikudachotse chiopsezo: mu Ogasiti 2019 Samantha Kureya, wodziwika kuti Gonyeti wa Bustop TV, adabedwa kunyumba kwake ku Mufakose ndi anthu obisa nkhope, namenyedwa.

Choncho pofufuza mbiri ya nthabwala, kufunsa ngati anthu ankaseka sikukwanira. Tifunse yemwe lilime lake linkaloledwa kusekedwa, ndi yemwe lilime lake linkatetezedwa ndi lamulo.