Mmene duwa la sedum linafupikira

Pofika kumapeto kwa Ogasiti, minda ya maluwa ya ku Ulaya ndi kumpoto kwa America imaoneka yotopa. Maluwa ambiri amakhala atayoyoka, masamba ayamba kufota, chisanu chili m'njira. Sedum imadikira nthawi imeneyo. Ndi chomera cha masamba okhuthala odzaza madzi, ndipo pamwamba pa tsinde lililonse pamakhala mutu wafulati wa timaluwa tambirimbiri ta nsonga zisanu, timene timayamba mobiriwira, kenaka kufiirira pang'onopang'ono mpaka mu Okutobala. Mitundu yambiri yatsopano imene eni nazale akugulitsa lero ndi yaifupi, yosapitirira masentimita 30, yokhala mwaudongo ngati yometedwa. Zaka 60 zapitazo sedum yotchuka inkafika m'mawondo mwa munthu wamkulu n'kupitirira. Kufupikako sikunangochitika.

Kholo lake loyamba linkamera lokha m'mphepete mwa nkhalango ndi m'mipanda ya minda ku Ulaya. Carl Linnaeus analilemba m'buku lake la Species Plantarum mu 1753 pa dzina la Sedum telephium, koma anthu akumudzi ankalidziwa kalekale. Ankasinja masamba ake n'kuika pa zilonda ndi pamene munthu wapsa. Chimene chinkawadabwitsa kwambiri chinali chakuti tsinde lothyoledwa silinkafa msanga. Ukalipachika padenga m'nyumba, popanda dothi kapena madzi, linkakhala laliwisi kwa masabata ambiri, nthawi zina mpaka kuchita maluwa lili pomwepo. Ku England atsikana ankatenga timatsinde tiwiri usiku wa chikondwerero cha pakati pa chilimwe, m'mwezi wa Juni, kamodzi kuimira iwo eni, kena kuimira mnyamata amene mtima wawo unali pa iye. Mmawa ankapita kukaona. Ngati tapendekera kumodzi, ndiye kuti banja lilipo.

Mphamvu yopirira imeneyi ili ndi chifukwa chake, ndipo anayamba kuchitulukira ndi lilime. Benjamin Heyne, katswiri wa zomera wa ku Germany amene ankagwira ntchito ku India, analawa masamba a chomera china cha banja lomweli n'kuona kuti mmawa ankakhala owawasa kwambiri, koma dzuwa likakwera kuwawasako kunkatha. Zimene anapezazi zinasindikizidwa mu 1815. Patapita zaka zambiri asayansi anamvetsa chimene chimachitika: zomera za banja la Crassulaceae zimatha kutseka timabowo ta m'masamba masana kuti madzi asatuluke, n'kutitsegula usiku kukazizira. Mpweya umene zakoka usiku zimausunga ngati asidi, ndipo kukacha zimaugwiritsa ntchito popanga chakudya. Sedum telephium imachita zimenezi chilala chikaipana. Madzi akakhalapo imapuma masana ngati zomera zina zonse. Chomera chimene Heyne analawa si chachilendo kwathu kuno. Ndi Kalanchoe pinnata, ija ya masamba onenepa imene imadzalidwa m'makomo ambiri, yomwe tsamba lake likagwa pansi limatulutsa tiana m'mphepete mwake.

Kukongola kwenikweni kunachokera kummawa kwa Asia. Mu 1866 Alexandre Boreau, yemwe ankayang'anira munda wa zomera wa ku Angers m'dziko la France, anafotokoza mtundu wina wochokera ku China ndi Korea n'kuutcha Sedum spectabile. Masamba ake ndi obiriwira motuwa, mitu yake yaikulu, yapinki wowala, ndipo agulugufe amaiunjirira moti nthawi zina maluwawo saoneka. Ku Japan kunachokera mitundu ina iwiri imene kwa nthawi yaitali inkaonedwa ngati tinthu ta anthu okonda minda ya miyala basi. Umodzi ndi Sedum sieboldii, wa masamba ozungulira okhala atatuatatu patsinde lolendewera. Wina ndi Sedum cauticola, womera m'ming'alu ya matanthwe pa chilumba cha Hokkaido, wosapitirira masentimita 10 kapena 15, wa masamba otuwa mofiirira. Robert Lloyd Praeger wa ku Ireland, amene mu 1921 anasindikiza kafukufuku wamkulu wa mitundu ya sedum yolimidwa m'minda, ndiye anautcha dzina mtundu wa ku Hokkaidowo. Mitundu iwiri yaing'onoyi tiikumbukire, chifukwa nkhani ibwerera kwa iyo.

Munthu amene dzina lake silingadumphidwe ndi Georg Arends. Anatsegula nazale yake mu 1888 ku Ronsdorf, dera limene lero lili mu mzinda wa Wuppertal ku Germany, ndipo anakhala moyo wake wonse akukwatitsa maluwa. Malowo ndi ozizira, amvula yambiri, dothi lake losauka, choncho chomera chimene chapulumuka kumeneko chinkakhala cholimba ndithu. Arends anamwalira mu 1952, ndipo mu 1955 nazale yake inatulutsa 'Herbstfreude', mwana wa Sedum telephium wa ku Ulaya ndi Sedum spectabile wa ku Asia. M'mayiko olankhula Chingelezi amaigulitsa pa dzina la 'Autumn Joy'. Imatalika pafupifupi masentimita 60. Mu Julayi mitu yake imakhala yobiriwira ndi yothinana, mu Seputembala yapinki, mu Okutobala yofiira moderako, ndipo chisanu chikafika imauma n'kukhala yakhofi koma osagwa. Ukaiyang'anitsitsa pafupi, timaluwa take tilibe timitu ta mungu timene timatulukira kunja pa spectabile. Sichulukitsidwa ndi njere. Aliyense amene ali nayo anachita kugawa chitsa kapena kuzika katsinde, ndiye kuti 'Herbstfreude' iliyonse imene ili m'munda ku Tokyo, ku Toronto kapena ku Cape Town ndi chidutswa cha chomera chimodzi chija cha ku Ronsdorf.

Kutchuka kwake kunafika pachimake kuyambira m'zaka za m'ma 1970. Wolfgang Oehme, wobadwira ku Germany, ndi mnzake James van Sweden anayamba kukonza minda ku Washington ndi madera ozungulira mwa njira yatsopano. M'malo mwa kapinga wometedwa sabata ndi sabata, ankadzala maudzu aatali ndi maluwa osafa chaka ndi chaka m'magulu aakuluakulu, ndipo 'Autumn Joy' ankaidzala mazanamazana pamalo amodzi. Ku Netherlands, Piet Oudolf anaphunzitsa anthu kusiya kudula mitu youma, kuti munda ukhale ndi choonetsa ngakhale chipale chofewa chitagwa. Mlimi wa maluwa wa ku Freiburg, Ewald Hügin, anawonjezerapo 'Matrona', ya matsinde ofiira moderako, yaitali ndi yojintcha kuposa inzake.

Koma sedum yaitali ili ndi chilema chimene aliyense woilima amachidziwa. Chomerachi chinazolowera dothi louma la miyala. Chikaikidwa m'munda wothiridwa manyowa ndi madzi okwanira, chimakula mofulumira, matsinde amafewa, mitu imalemera. Ikangogwa mvula yamphamvu mu Seputembala, chitsa chonse chimatseguka pakati, matsinde n'kugona mbali zonse, pakati n'kutsala dazi. Mlimi amene anaonapo chimanga chamakolo chitagona ndi mphepo ya mu Febuluwale, ngala zili zosakhwima, akudziwa mmene mtima umawawira. Ku Britain anapeza njira yochepetsera vutoli: kudula matsinde ndi theka kapena gawo limodzi mwa magawo atatu kumapeto kwa Meyi, nthawi imene kumachitika chionetsero cha maluwa cha Chelsea ku London. Chomera chodulidwa motero chimaphuka nthambi zambiri zazifupi, mitu imachepa kukula koma imaima. Njirayi imagwiradi ntchito. Kungoti imafuna munthu wokumbukira kalendala ndiponso wolimba mtima kudula chomera chimene chikukula bwino, ndipo ogula maluwa ambiri sali otero.

Yankho lokhalitsa linali kale m'timitundu ta m'matanthwe ta ku Japan tija. Sedum cauticola ikakwatirana ndi mitundu ya telephium ya masamba ofiira, ana ake amakhala aafupi, a masamba akuda mofiirira ndi maluwa owala. Umu ndi mmene munachokera 'Ruby Glow', komanso 'Vera Jameson', imene inangomera yokha m'munda wa mayi wa dzina limenelo ku Gloucestershire, ndipo mwini nazale Joe Elliott anaizindikira n'kuifalitsa. Izi zimatalika masentimita 20 mpaka 30. Zimayala m'mbali m'malo moima njo, choncho sizinalowe m'malo mwa 'Herbstfreude', koma zinaonetsa njira.

Akatswiri a mayina nawonso sanakhale chete. Mu 1977 Hideaki Ohba wa ku Japan anachotsa mitundu ya masamba aakuluyi mu Sedum n'kuipatsa gulu lakelake, Hylotelephium. Papita nthawi kuti dzinali lifike pa timapepala ta m'nazale, ndipo olima maluwa ambiri amangoti sedum mpaka lero. Achibale ake ang'onoang'ono oyanga pansi, monga Sedum album ndi Sedum acre, anatenga njira ina: anakwera padenga. Ku Germany anayamba kuwayala pamadenga a nyumba kuti azimwa madzi a mvula ndi kuziziritsa nyumba, ndipo mu 2003 fakitale ya Ford ku Dearborn, m'chigawo cha Michigan, inafoleredwa ndi sedum pa malo opitirira maekala 10.

Chimene chinakankha kwambiri kufupikaku sichinali m'dothi ayi, chinali pamsika. Mabwalo a nyumba zatsopano anachepa, anthu ambiri anayamba kulima m'miphika pakhonde. Nazale zikuluzikulu zimatumiza maluwa pa mashelefu a m'malole, ndipo chomera chachifupi chimalola mashelefu ambiri pa ulendo umodzi, sichithyoka panjira, komanso chimaoneka bwino mumphika tsiku limene wogula akuchiona. Kuyambira cha m'ma 2000 okwatitsa maluwa analimbikira kufuna sedum yoima yokha. Brent Horvath wa ku Hebron m'chigawo cha Illinois, amenenso analemba buku la mitundu ya sedum lotuluka mu 2014, anatulutsa 'Pure Joy', yokhala ngati kachulu kozungulira pafupifupi masentimita 30, ya timasamba ta manomano, imene maluwa ake apinki amaikuta yonse mpaka masamba kubisika. Chris Hansen wa ku Michigan anabweretsa gulu la SunSparkler, momwe muli 'Dazzleberry', yotsika kwambiri, ya masamba otuwa mobiriwira ndi mitu yofiira yaikulu modabwitsa poyerekeza ndi msinkhu wake. Nazale ya Terra Nova ku Oregon inatulutsa 'Mr. Goodbud' ndi ina yambiri.

Sindikuona ngati mtundu watsopano uliwonse ndi kupita patsogolo. Chaka chilichonse kumabwera mayina ena, ambiri ofanana ndi a chaka chatha, ndipo ena amaola pachitsa chisanu chonyowa chikangodutsa kamodzi. Amene anasankhidwa chifukwa cha maonekedwe a mumphika wa kusitolo okha amaonekera msanga akafika m'munda weniweni. Kwa ine sedum yaifupi yabwino iyenera kusunga zimene zinapatsa makolo ake ulemu: njuchi ndi agulugufe azipeza timadzi totsekemera pa nthawi imene maluwa ena atha, ipirire chilimwe popanda kuthiriridwa, ndipo mitu yake youma iime mpaka mphukira zatsopano zitaoneka pansi pake ngati timfundo tobiriwira. Imene ikukwanitsa zonsezi pa msinkhu wa masentimita 30 yathetsadi vuto limene linavutitsa olima maluwa kwa zaka pafupifupi 50, ndipo ndimaiyamikira ndi mtima wonse. Kusamala kwake n'komwe kuja: dzuwa la tsiku lonse, dothi losasunga madzi, manyowa ochepa.

Pali kusiyana kumodzi kumene wogula saona patsamba. 'Herbstfreude' inafalikira dziko lonse podutsa pampanda, mnansi kuthyolera mnansi katsinde, nazale iliyonse kuichulukitsa mmene yafunira. Mitundu yatsopanoyi yambiri ili ndi chitetezo cha lamulo. Ku America lamulo loteteza zomera zochulukitsidwa popanda njere linakhazikitsidwa mu 1930, ndipo chitetezocho chimatenga zaka 20, m'kati mwake palibe wololedwa kuchulukitsa chomeracho popanda chilolezo cha mwini wake. Pa mitundu imene inalembetsedwa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010, zaka 20 zimenezo zidzatha m'ma 2030, ndipo kuyambira pamenepo nazale iliyonse idzakhala ndi ufulu woizika ndi kuigulitsa.