Makina Okana Kufa

Tikamakamba za katundu wakale wolimba, ambirife timathamangira kutchula makina osokera a Singer kapena njinga ya Humber. Ine ndikufuna kuwonjezerapo pulojekita, makina amene mabanja a ku Ulaya ndi ku America ankaonetsera kanema wawo pakhoma la m'nyumba. Ambiri mwa makinawa apyola zaka 50, koma ukawathira mafuta n'kuwalumikiza kumagetsi, amayamba kulira ngati agulidwa dzulo.

Kale filimu ya m'nyumba zoonetsera kanema inali yoopsa chifukwa inkagwira moto msanga. M'chaka cha 1922 kampani ya Pathé ya ku France inatulutsa filimu ya mamilimita 9.5 yoonetsera pakhomo, ndipo mu 1923 Kodak ya ku America inabweretsa ya mamilimita 16. Zonse ziwirizi zinali zosayaka msanga. Kodak yomweyo inatulutsa ya mamilimita 8 mu 1932, kenako Super 8 mu 1965. Makampani monga Bell & Howell ya ku Chicago, Bolex ya ku Switzerland, Eumig ya ku Vienna ndi Elmo ya ku Japan anapikisana popanga makina oonetsera mafilimuwa.

Nanga kulimbaku kunachokera kuti? Ndikuona kuti ntchito yake ndiyo inawaumiriza amisiri. Filimu ndi mndandanda wa tizithunzi. Kachitsulo konga chikhadabo kamakola m'tizibowo ta m'mphepete, n'kutsitsa chithunzi chimodzi, chimene chimaima kutsogolo kwa babu kanthawi kochepa chisanapatse malo chinzake. Pa Super 8 izi zimachitika ka 18 pa sekondi, kutanthauza ka 64,800 pa ola. Chikhadabocho chikaphonya pang'ono, filimu imang'ambika. Komanso mababu ambiri anali a mawati 500 kapena 750, otentha kwambiri. Choncho thupi la makina linkaumbidwa ndi chitsulo, magiya nawonso anali achitsulo, ndipo mkati munali chokupizira mphepo.

Chifukwa china n'chakuti makinawa anali odula, ndipo wogula ankayembekezera kukalamba nawo. Ankamangidwa ndi masikuluwu oti munthu angathe kumasula, ambiri anali ndi tizibowo tothirira mafuta, ndipo lamba akatha ankagula wina. Kulimba kumeneku n'kumene kunachititsa kuti makina a mamilimita 16 atuluke m'nyumba n'kulowa m'sukulu ndi m'magalimoto oyenda m'midzi. Bungwe la Central African Film Unit, limene linakhazikitsidwa mu 1948 ku Salisbury, linkapanga mafilimu a mtunduwu oonetsa anthu a ku Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Makina ofooka sakanapirira fumbi ndi mabampu a misewu ya nthawi imeneyo.

Sindikunena kuti chilichonse chakale n'chabwino. Malamba a labala amasungunuka n'kukhala ngati phula, girizi amauma, ndipo mababu ena ndi ovuta kuwapeza. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960 opanga anayamba kulowetsa pulasitiki pofuna kutsitsa mtengo ndi kulemera. Amisiri okonza makinawa amalidziwa bwino giya la pulasitiki la m'mapulojekita ambiri a Bell & Howell a mamilimita 16, limene limang'aluka likakalamba n'kuimitsa makina onse. N'chifukwa chake pulojekita ya m'ma 1950 nthawi zina imagwira ntchito pamene mng'ono wake wa m'ma 1970 wagona.

Paja akuluakulu amati chakudza sichiyimba ng'oma. Makinawa anagwetsedwa ndi vidiyo adakali amphamvu. Sony inatulutsa Betamax mu 1975, JVC inatulutsa VHS mu 1976, ndipo anthu anasangalala kuti sadzadikiranso kutsukitsa filimu kapena kuzimitsa nyale. Eumig, imene m'zaka za m'ma 1970 inali patsogolo padziko lonse popanga mapulojekita, inali itagwa pofika 1982. Makina abwinobwino anaponyedwa kudenga ndi kuseri kwa makabati.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti lero banja limene linajambula ukwati pa tepi ya VHS limavutika kupeza makina oonera, popeza kupanga kwake kunatha mu 2016. Koma filimu ya 1955 ukhoza kuiyang'ana padzuwa n'kuona nkhope ya agogo ndi maso ako. Nayo ili ndi adani ake: kutentha ndi chinyezi zimaiwononga mpaka imanunkha ngati viniga. Amene ali nayo aisunge pozizira ndi pouma, ndipo asaike filimu ya mtengo wapatali m'makina amene sanayesedwe, chifukwa pulojekita yowuma mafuta ikhoza kutafuna m'mphindi imodzi chithunzi chimene chasungidwa zaka 70.