Chaka chimene tinapita ku Chisi wapansi

Nyanja ya Chilwa ilibe potulukira madzi, adzukulu anga. Yambani mwagwira zimenezo, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Nyanja ya Malawi ili ndi Shire, koma yathuyi imangolandira. Domasi, Likangala ndi Thondwe amatsika kuchokera mbali ya Zomba, Phalombe ndi Sombani amachokera cha ku Mulanje, Mnembo amachokera ku Mozambique, ndipo yonseyo imathira muno n'kuthera momwemo. Wotunga madziwo ndi dzuwa ndi mphepo basi. Komanso nyanjayi ndi yosaya, malo ambiri bwato timaliyendetsa ndi nsungwi yogunda pansi. Mvula ikachepa zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana, dzuwa limamwa kuposa zimene mitsinje yabweretsa, gombe n'kuyamba kuthawa.

Agogo anga aakazi, amayi awo a bambo anga, anaiona itaphwa iwo akali mtsikana wosavinidwa. Ankati chinali chaka cha nkhondo ya Chilembwe, nthawi imene amuna ankagwidwa kukasenza katundu wa asilikali pa mtengatenga. Anthu ophunzira atafufuza m'mabuku akale anapezadi kuti madzi anatsika kwambiri mu 1914 ndi 1915. Ife tili ana tinkaiyesa nthano. Tinkayang'ana madzi ofika kumene maso alekezera, n'kumati agogo akalamba.

Njala ya 1949 inandipeza ndili kamwana. Imene ija inasautsa kwambiri anzathu a ku Blantyre, kumene chimanga chinapserera m'munda mvula itadula, amuna ena n'kupita kosuma osabwereranso kwa akazi awo. Kuno inatikhudza, koma tinali ndi pogwira. Munthu wokhala ndi matemba ouma sasowa womusinthanitsa ndi ufa kapena makaka.

Tsono kuphwa kwa nyanja kumene ndinakuona ndi maso angawa, ndili kale pabanja, kunayamba pang'onopang'ono cha mu 1966, chaka chimene Kamuzu anakhala pulezidenti. Madzi anayamba kuda ndi kuwawa mchere kuposa kale. Pa doko la Kachulu, malo amene tinkakochezapo anasanduka thope, tsiku ndi tsiku bwato tinkalisiya patsogolo pang'ono. Kenaka makumba anayamba kufa. Mphepo ikavundula matope usiku, kum'mawa timapeza atayandama mimba zili m'mwamba, akakowa ndi akhwangwala atadya mpaka kutopa. Matemba anathawira m'mitsinje. Inatsala ndi milamba, poti mlamba ndi wouma mutu, umapuma ndi mpweya wa kunja ndipo umakhala m'thope mmene nsomba ina singakhale. Anthu ankaigwira ndi manja, ena ndi mikondo, mpaka nsanja zowambira zinkachepa. Ena ankati ndi mwayi. Malume anga ankangopukusa mutu, amvekere, mukudya mbewu.

Pofika chilimwe cha 1968 nyanja kunalibe. Asodzi anabalalika: ena ku Chiuta, ena ku Malombe ndi ku Mangochi, ena kothyola tiyi ku Mulanje ndi ku Thyolo, ena anakalembetsa Wenela kupita ku Joni. Ogula nsomba amene ankabwera pa njinga kuchokera ku Zomba ndi ku Limbe analeka kubwera. Azimayi ogulitsa thobwa ndi zitumbuwa padoko anasowa owagula. Nthawiyo tinkagwiritsa ntchito mapaundi ndi masheleni, kwacha inabwera mu 1971, ndipo sheleni imodzi inkagona m'nyumba ngati mlendo wolemekezeka.

Mchemwali wanga anakwatiwa ku Chisi, m'dziko la mfumu Mkumbira. Uthenga utabwera woti mwana wake wadwala, ine ndi amayi tinanyamuka mbandakucha, wapansi, kudutsa pamene chaka chinacho ndinkaponya khoka. Dothi linali litang'aluka ming'alu yolowa phazi, pamwamba pake patayera mchere. Mabwato anali gonegone, ena atang'ambika ndi dzuwa. Minga za nsomba zinali mbwee. Dzuwa litakwera, akamvuluvulu ankanyamuka uku ndi uku, fumbi lake lowawa m'maso ndi kukhosi. Tinakumana ndi anthu okankha njinga, ena atasenza mitsuko, chifukwa pachilumbapo madzi akumwa anali atavuta. Amayi sanayankhule njira yonse. Titafika m'tsinde mwa phiri anakhala pansi, nati, apongozi anga ndinkawatsutsa.

Koma chimene ndakuitanirani si ulendowo ayi. Ndikufuna mumve za moto.

Nyanja yathu yazunguliridwa ndi njedza, makamaka kumpoto, kumene munthu ungapalase tsiku lonse osaona madzi oyera. Inu mumaziona ngati udzu wolukira mphasa ndi womangira zimbowera. Komatu mmenemo ndi mmene nsomba zimaswana, mmene tiana ta matemba ndi milamba timabisala, mmene atsekwe ndi abakha a m'madzi amaikira mazira. Pansi pa njedzazo pali mizu ndi masamba owola a zaka ndi zaka, osanjikizana. Madzi akakhalapo, ngakhale wina atentha, moto umangonyambita nsonga n'kuzima ukagunda chinyontho. Madzi akachoka, zonsezo zimasanduka nkhuni.

Makolo athu moto ankatentha ndithu, musamve wina akunama. Ankatentha kuti msipu uphuke ng'ombe zidye, ankatentha pokonza dimba, ankatentha pa liwamba. Kusiyana kwake n'kwakuti tchire linali ndi mwini. Munthu sunkangodzuka n'kukoleza. Mfumu ndi nduna zake ndiwo ankanena tsiku, atayang'ana kaye mphepo. Amuna ankalambula m'mphepete mwa mudzi, mozungulira nkhokwe ndi kumanda, ndipo ankayatsa madzulo mphepo itagona, anyamata ataima mzere ndi nthambi zaziwisi. Mwana wosaka mbewa akapsereza tchire la eni, mlandu unkagwera kwa malume ake, mbuzi kapena nkhuku n'kutuluka m'khola.

Chaka chimenecho mwambo unalipo, koma amuna ousunga anali atapita. Njala nayo sidikira tsiku la mfumu. Cha mu Okutobala, kutatentha mpaka nkhuku kuyasamula, moto unabuka m'njedza kumtunda kwa mudzi wathu. Ena ankati ndi osaka mbewa, ena ankati ndi ofuna kuona maenje mmene milamba inabisala. Woyatsa sanadziwike. Tinayamba kumva kuthetheka kwake tisanauone, phokoso losalekeza, kenaka utsi wakuda unaphimba phiri la Chikala. Mbaliwali za njedza zinkauluka patali, zinkagwa pa madenga athu zikadali zofiira. Azimayi anakwera pa nkhokwe kukasasula udzu, poti madzi othira panalibe, anawo tinawathamangitsira pabwalo pamene panali poyera. Agogo aamuna ena a pamudzipo, munthu woyenda ndi ndodo, ndiwo anatikalipira kuti tileke kumenya malawi, tiyatse wathu moto kuchokera panjira kuti ukakumane ndi unzake. Tinatero. Mudzi unapulumuka, koma makola awiri a kumapeto ndi mabwato amene eni ake anawabisa m'njedza kuthawa dzuwa zinapsa.

Choopsa chenicheni chinabwera malawi atatha. Pamwamba panali lupsa lakuda, lozizira ukaliona, koma pansi mizu ija inkanyekabe. Utsi unkatuluka m'ming'alu masabata ndithu. Ng'ombe ikaponda, mwendo unkalowa m'phulusa lotentha. Mnyamata wina wa kubusa anapsa mapazi onse awiri potsatira mwana wa ng'ombe, ndipo anakula akutsimphina. Usiku ana ankatsokomola osagona. Ngakhale mvula ya chizimalupsa itawaza, malo ena ankafukabe. Mmene munadutsa motowo munali mazira a mbalame, akamba, ndi milamba imene ikadadikira mvula m'thope. Zimenezo palibe anaziwerenga.

Akuluakulu anapita kukathira nsembe, ampingo anapemphera m'tchalitchi, Asilamu anapemphera mumzikiti, ndipo panalibe woseka mnzake. Dzinja lotsatiralo mvula inagwa yokwanira. Kumayambiriro kwa 1969 Likangala ndi Domasi anasefukira, madzi ofiira n'kuyamba kudzaza ming'alu ija. Nyanja inabwerera msanga kuposa nsomba. Inayamba kuoneka ndi milamba, kenaka matemba, makumba ndiwo anachedwa zaka zingapo.

Mwina mukudabwa kuti nsombazo zinachokera kuti, nyanja yopanda mtsinje woilumikiza ndi inzake. Zinachokera m'maiwe. M'mitsinje yathuyi muli malo akuya amene saphwa ngakhale chilala chikule bwanji, ndipo nsomba zochepa zimene zinathawira mmenemo ndi m'zithaphwi za m'njedza zosapsa ndizo zinabereka zonse zimene munadya inu. N'chifukwa chake mtima umandiwawa ndikakumbuka anthu amene ankathira katupe m'maiwemo, mankhwala aja opha nsomba yaikulu ndi yaing'ono yomwe, kuti adzaze lichero la tsiku limodzi. Njala ndikuidziwa, sindikuinyoza. Koma uko kunali kuba m'nkhokwe ya anthu osabadwa.

Nyanja itaphwanso mu 1995, pambuyo pa zilala zimene zinayamba mu 1992, tinali titaphunzirako. Mafumu a kuno, asodzi ndi a nthambi ya boma yoona za nsomba anagwirizana zolondera maiwe, kuletsa katupe ndi kuletsa makoka m'mitsinje. Makomiti a m'magombe amene mukuwaona lero anakula kuchokera pamenepo, pamodzi ndi lamulo lotseka makoka m'dzinja nsomba zikamaswana. Mu 1997 dambo lathuli linalembedwa pa mgwirizano wa maiko wa Ramsar, makamaka chifukwa cha mbalame zake. Dzina tinalandira, koma dzina silizimitsa moto.

Za 2018 munaziona nokha, anyamata a njinga zamoto akunyamula anthu pamene panali madzi, ena akukoka mabwato m'ngalande za thope. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti mipata ikufupika. Kuyambira 1968 kufika 1995 munthu anabala ana n'kuona adzukulu. Tsopano inatsika mu 2012, n'kuphwanso patangopita zaka zochepa. Chilimwe chilichonse usiku ndimaona mizere ya moto pa phiri la Zomba, m'mapaini ndi m'zitsamba momwe. Phiri likapsa, mvula yoyamba imakokolola dothi, mitsinje n'kulitula kuno, nyanja n'kumakwiririka. Mitsinje yomweyo imapatutsidwanso kuthirira mpunga ku masikimu a Domasi ndi Likangala isanafike kuno, ndipo mpungawo timadya tonse, sindingautukwane. Mvula ya namondwe Idai mu 2019 inabweza madzi, ya Freddy mu 2023 inachita kuposa, mpaka midzi ya m'mphepete inamira. Iwe wamkuluwe, dimba limene walima kumunsi kuja lili pamene malume anga ankatchera mono, ndipo njedza zimene unatentha polikonza zinali zotsala za mbali imeneyo. Mawa tipitire limodzi kwa amfumu, tikamve tsiku limene akhazikitsa lolambula.